Kodi chotola n'chakuba?

Mawu akuti "ndatola" savuta kutchula. Mwana akabwera kunyumba ndi K1,000 imene makolo ake sanamupatse, amati watola. Mnyamata akatulutsa foni yachilendo pakati pa anzake, amati anaitola m'minibasi. Lole ya shuga ikagubuduzika pamsewu wa M1, anthu amathamangirako ndi matumba ndi mabeseni, ndipo mukawafunsa madzulo palibe amene angavomere kuti anakaba. Onse amati anakatola. Funso n'lakuti, kodi kutola kumathera pati, nanga kuba kumayambira pati?

Malamulo a dziko lino sanasiye nkhaniyi m'malere. Gawo 271 la Penal Code, lomwe limalongosola tanthauzo la kuba, limanenaponso za katundu wotayika. Mwachidule, munthu amene watola chinthu n'kuchisandutsa chake sawerengedwa kuti waba pokhapokha ngati zinthu ziwiri zakwanira. Choyamba, asakhale akumudziwa mwini wake. Chachiwiri, akhale ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti mwiniwakeyo sangapezeke. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, wotolayo angathe kuimbidwa mlandu wakuba, womwe malingana ndi gawo 278 chilango chake chimatha kufika zaka zisanu m'ndende.

Apa tikuona kuti chimene bwalo la milandu limayang'ana si malo amene chinthucho chinapezeka ayi, koma zimene wotolayo anachita atachitola. Tiyerekeze kuti mwapeza K2,000 ili yokhayokha m'fumbi pamsika wa Lizulu tsiku la msika, ndipo mwafunsa amene ali pafupi koma palibe akuidziwa. Ndalama ilibe dzina, ndipo pamalopo padutsa anthu mazanamazana. Pamenepo n'zomveka kunena kuti mwini wake sangapezeke. Koma ngati munaiona ikugwa kuchokera pansonga ya chitenje cha mayi amene ali patsogolo panu, inu n'kuipondapo kudikira kuti apite, mwaba, ngakhale simunapise dzanja m'thumba la munthu.

Masiku ano zinthu zambiri zimene timataya zimanena zokha mwini wake. M'kachikwama ka ndalama mumakhala chiphaso cha unzika, chomwe Amalawi anayamba kulembetsa m'chaka cha 2017, ndipo pamakhala dzina ndi chithunzi. Mumakhalanso khadi la kubanki, ndipo nthambi iliyonse ya bankiyo ingathe kumupeza mwini khadilo. Foni ndiye imachita kulira yokha mwini wake akamaifunafuna. Munthu amene watola foni n'kuithimitsa msangamsanga, kuchotsa simu khadi n'kukaitsegulitsa kwa anyamata okonza mafoni, wadzichitira yekha umboni kuti amadziwa kuti mwini wake angapezeke, ndipo sakufuna kuti apezeke. N'chimodzimodzinso ndalama zimene zalowa molakwika mufoni mwanu kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Nambala ya wotumiza imaoneka. Kuthamangira kwa ejenti kukazitapa si mwayi, n'kutenga cha mwini. Za lole yogubuduzika ndiye sitingachite kukambirana: katunduyo sanatayike n'komwe, dalaivala ali pomwepo, mwinanso akufunika womutengera kuchipatala.

Mfundo imeneyi sinabwere ndi makhoti. Kumudzi mbuzi ikasokera n'kulowa m'khola la munthu wina, mwini khola saipha kuti adye ndi ana ake. Amakanena kwa amfumu, uthenga n'kufalikira kumidzi yoyandikana, mbuziyo n'kumasungidwa mpaka mwini wake atabwera kudzanena maonekedwe ake. Amene wapezeka ndi chikopa cha mbuzi yosokera kuseri kwa nkhokwe sanganene kuti anatola, mudzi wonse umamutcha wakuba.

Zipembedzo zathu zimanenanso chimodzimodzi. Chaputala 22 cha buku la Deuteronomo chimalamula kuti wopeza ng'ombe, bulu kapena chovala cha mnzake achibweze, ndipo ngati sakumudziwa mwini wake achisunge kufikira atabwera kudzachifuna. Chaputala 6 cha Levitiko chimati wotola chinthu n'kukana kuti sanachione abweze chinthucho n'kuwonjezerapo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wake. M'chiphunzitso cha Chisilamu, wotola chinthu cha mtengo amayenera kuchilengeza kwa chaka chathunthu. Choncho pamene wina watola chikwama chodzaza ndalama n'kunena kuti Mulungu wamuona, ndi bwino akumbukire kuti kwinakwake kuli mnzake amene akulira kwa Mulungu yemweyo. Mwina ndalamazo zinali za feteleza, za fizi ya mwana kapena zogulira bokosi la maliro.

Komabe tisanamizane, pali zifukwa zimene zimachititsa anthu ena okhulupirika kuzengereza kubweza. Ena amaopa kuti akakapereka chikwama, mwini wake adzati munali K200,000 pomwe munali K50,000, wotola n'kusanduka woimbidwa mlandu. Ena amaopa kugwidwa ndi gulu la anthu okwiya foni ya eni ili m'manja, asanapatsidwe mpata wofotokoza. Enanso sakhulupirira kuti chinthu chimene asiya m'manja mwa kondakitala kapena mlonda chidzafikadi kwa mwini wake. Mantha amenewa ndi enieni, koma sasintha chinthu cha eni kukhala chanu. Amangotiphunzitsa kubweza mochenjera.

Mukatola chinthu, nenani pomwepo pamaso pa anthu, ndipo ngati muli ndalama muwerenge pali mboni. Foni isiyeni yoyaka ndipo muyankhe ikaitana. Polengeza kutchalitchi, kumzikiti, pawailesi ya m'dera kapena pagulu la WhatsApp, musafotokoze zonse. Wobwera kudzati n'chake anene yekha mtundu wake ndi zimene zili mkati. Ngati mwakapereka kupolisi kapena kwa akuluakulu a msika, pemphani kuti zilembedwe m'buku, ndipo dzina lanu lilembedwenso.

Wotola naye ali ndi ufulu wake. Ku England m'chaka cha 1722 kunali mlandu wotchuka wa Armory ndi Delamirie. Mnyamata wina wosesa m'machumuni anatola mwala wamtengo wapatali n'kupita nawo kushopu ya wosula golide kuti akamve mtengo wake, koma kumeneko anamulanda. Khoti linagamula kuti wotola ali ndi mphamvu pa chinthucho kuposa munthu wina aliyense, kupatula mwini wake weniweni. Tanthauzo lake n'lakuti wotola ndi msungi: wina sangamulande mwachisawawa, koma iyenso sangamukanize mwini wake.

Maiko ena anakonza njira yoti kubweza kusakhale kovuta. Ku Japan munthu amakapereka chimene watola kukaofesi ka polisi ka m'dera lake. Mwini wake akapezeka, lamulo limati wotolayo apatsidwe mphotho ya pakati pa 5 ndi 20 peresenti ya mtengo wa chinthucho. Miyezi itatu ikatha osapezeka, chinthucho chimatha kukhala cha wotola, kupatula zinthu monga mafoni ndi ziphaso. Anthu amabweza chifukwa akudziwa kopita, ndipo akudziwanso kuti sadzavutitsidwa. Ifenso tingapindule ngati m'madepoti a basi, m'misika ikuluikulu ndi m'zipatala mutakhala malo odziwika olandirira zotayika, okhala ndi buku lake.

Pali kafukufuku wina wopatsa chidwi amene anasindikizidwa m'magazini ya Science m'chaka cha 2019. Ofufuza anasiya tizikwama toposa 17,000 m'mizinda 355 ya m'maiko 40, tina topanda ndalama, tina tokhala ndi ndalama. M'maiko 38 mwa 40 anthu ankabweza kwambiri tizikwama tokhala ndi ndalama kusiyana ndi topanda kanthu. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anapeza n'chakuti munthu safuna kudziona yekha ngati wakuba. Mtima umadziwa, ngakhale pakamwa pakunena kuti "ndatola".

Ndiye musanaike chotola m'thumba, dzifunseni funso limodzi lokha: kodi nditayesetsa, mwini wake ndingamupeze? Ngati yankho ndi inde, chinthucho si chanu, mwangosungitsidwa. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limene foni yanu idzatsale pampando wa minibasi, mudzaiimbira mtima uli m'mwamba, kupemphera kuti amene waitola ayankhe.