Timatumba Tomwe Zomera Zimadzitetezera Nato ku Matenda

Chomera chilibe magazi monga nyama, komabe chili ndi chitetezo chakechake. Maselo ake amatulutsa timatumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tonyamula mapuloteni ndi tizidutswa ta RNA.

Mu 2018, gulu la Hailing Jin pa yunivesite ya California ku Riverside lidaonetsa kuti chomera cha Arabidopsis chimatumiza timatumbati kwa Botrytis cinerea, fangasi yemwe amadzetsa chuku chotuwa pa tomato, mphesa ndi sitiroberi. Timatumbato tikalowa m'maselo a fangasiyo, RNA ija imatseka ena mwa majini omwe amayambitsira matenda. Gulu lomweli lidapeza mu 2013 kuti nayenso fangasiyu amatumiza RNA yake kukafooketsa chitetezo cha chomera.

Alimi a mbewu ndi ogulitsa zipangizo zaulimi izi zikuwakhudza, chifukwa Botrytis sachedwa kusiya kumva mankhwala opopera. Ofufuza akuyesa kupopera RNA pa masamba ndi zipatso. Popeza RNA sichedwa kuonongeka kunja, akuikutira m'timatumba topanga okha, kutengera nzeru ya chomera, kuti ikhalitse pa tsamba.