Matenda obisala amene amalanda hatchi mwana

Oweta mahatchi a mpikisano m'tauni ya Newmarket ku England sadzaiwala chaka cha 1977. M'chakachi mahatchi aakazi ambiri amene adakweredwa bwinobwino sadatenge bere. Patangotha masiku ochepa ankayamba kutuluka mafinya otuwa kumaliseche, ndipo posakhalitsa ankafunanso yamphongo.

Kwa mlimi wa mahatchi ichi ndi chipsinjo chachikulu. Hatchi imakhala ndi bere miyezi 11 ndipo imaswa mwana mmodzi basi. Ikaphonya nyengo yokweretsa, ndiye kuti chaka chonse chapita, chonsecho ikudya ndi kulandira chisamaliro tsiku ndi tsiku.

Akatswiri atafufuza adapeza kuti gwero la vutoli kadali kachilombo ka bakiteriya kamene lero kamatchedwa Taylorella equigenitalis. Kachilomboka kamatupitsa mkati mwa chiberekero, ndipo matenda ake amadziwika ndi dzina lachidule loti CEM.

Chodabwitsa chidali chakuti mahatchi amphongo amene ankafalitsa matendawa sankadwala konse. Ankadya bwino, thupi lili see, koma tizilombo tili phee pachiwalo chawo. Paja akulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Mtundu wa mahatchi a mpikisano wa Thoroughbred uli ndi lamulo loti yaikazi izikweredwa ndi yamphongo yeniyeni, osati kuithira umuna ndi zipangizo. Choncho yamphongo imodzi yotchuka imakumana ndi zazikazi zambirimbiri zochokera m'mafamu osiyanasiyana, ndipo iliyonse imatha kubwerera kwawo itasenza matenda. Mu 1978 matendawa adabuka ku Kentucky m'dziko la America, ndipo mu 2011 adapezeka ku South Africa, m'chigawo cha Gauteng.

Komatu CEM si yokhayo imene imaononga chiberekero cha hatchi. Kawirikawiri madokotala a ziweto amapeza tizilombo wamba monga E. coli ndi Streptococcus zooepidemicus, timene timalowa pokweredwa, poswa, kapena ndowe zikamadontherera kumaliseche, makamaka hatchi ikakalamba.

Hatchi yathanzi imadziyeretsa yokha m'tsiku limodzi kapena awiri ikakweredwa. Koma ina madzi amatsakamira m'chiberekero, tizilombo n'kuswana. Apa nthawi ndi yochepa, chifukwa mluza umafika m'chiberekero patatha masiku pafupifupi 6 dzira litatuluka. Ukapeza malo ali otupa, umafa.

N'chifukwa chake dokotala sathamangira jekeseni. Amayamba waunika chiberekero ndi makina, kenaka amatenga timadzi ta m'katimo ndi kathonje kupita nato ku labotale kuti adziwe mtundu wa kachilombo komanso mankhwala amene angakaphe.

Akadziwa, amatsuka chiberekero ndi madzi a mchere oyera, n'kubaya hatchiyo mankhwala a oxytocin kuti chiberekero chifinyike ndi kutulutsa zotsalira. Akatero amathira mankhwala opha tizilombo kwa masiku angapo. Hatchi imene maliseche ake satsekeka bwino amaisoka mbali yakumtunda, njira imene dokotala wina, E. A. Caslick, adaifotokoza mu 1937. Malo osokedwawo amawatsegula hatchi ikayandikira kuswa.

Pa CEM, yamphongo nayo imalandira chithandizo. Amaitsuka ndi mankhwala a chlorhexidine ndi kuipaka mafuta opha tizilombo kwa masiku asanu, kenaka amaiyezanso mobwerezabwereza asanailole kukwera.

Chimene chidathetsa mliri wa ku Newmarket si mankhwala okha ayi. Oweta ndi madokotala adagwirizana malamulo oti hatchi iliyonse, yaikazi kaya yamphongo, iziyezedwa nyengo yokweretsa isanayambe, ndipo yopezeka ndi kachilombo izipatulidwa. Malamulowa akugwirabe ntchito ku Britain mpaka lero, ndipo mwini hatchi amene alibe chikalata cha ku labotale amabwezedwa pageti, kaya hatchi yake ioneke yonenepa chotani.