KUYEZA MVULA PAKHOMO: NTCHITO YA MAKOLO PAMODZI NDI ANA AO

Mwezi wa Okotobala ukamapita kumapeto, maso a anthu a ku Balaka ndi ku Machinga amakhala kumwamba. Minda yasosedwa, mizere yaungidwa, mbeu ili m'nyumba. Tsiku lina mitambo imachita bii, mvula nkugwa, fungo la dothi nkudzaza mudzi wonse. Pamenepo banja lililonse limakhala ndi funso limodzi: kodi imeneyi ndi mvula yobzalira, kapena ndi chizimalupsa chabe? Funsoli nlolemera, pakuti wobzala msanga amapsereza mbeu imene adaigula ndi ndalama za thukuta, ndipo wozengereza amapeza nyengo itamthawa. Akulu adati mmera mpoyamba.

Makolo athu adali ndi njira zao zoyankhira. Ankayang'ana masamba atsopano a mitengo, kuuluka kwa mbalame, kutentha kwa usiku ndi kumene mphepo ikuchokera. Nzeru zimenezi sitizinyoza. Koma alimi okalamba omwe akuvomereza kuti masiku ano mvula siikusunga pangano monga kale. Nchifukwa chake mwezi uno tikufuna kukambirana za njira ina yothandizira maso ndi chikumbumtima cha munthu, ndiyo kuyeza mvula ndi kuilemba.

DZIKO LA MVULA YOSADALIRIKA

Boma la Balaka, limene lidapatulidwa ku Machinga m'chaka cha 1998, lili m'chigwa chotentha. Pa chaka limalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800, koma mvulayo imagwa mosalongosoka. Imatha kuvumba ku Ulongwe pamene ku Phalula fumbi lili koboo, ndipo ng'amba ya milungu iwiri m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, chimanga chikumasula ngaiyaye, imatha kufafaniza ntchito ya chaka chonse. Ku Machinga nako nkhani ndi yomweyo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo njosaya, kotero kuti moyo wake umadalira mvula ya m'mapiri oizungulira. Idauma m'chaka cha 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka ming'alu. Nthawi zonsezi asodzi a matemba ndi alimi a mpunga adaona zakuda.

Madzi akachuluka ndiye tsoka linanso. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera, ndipo Machinga lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Patangopita chaka chimodzi, mu Malichi 2024, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Ana obadwa zaka zino aona chigumula ndi chilala asanamalize nkomwe sukulu ya pulaimale.

Boma lili ndi nthambi yoona za nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, ndipo ili ndi malo oyezerapo nyengo monga a ku Ntaja. Koma malo oterewa ngotalikirana, pamene mvula ya kuno imasiyana mudzi ndi mudzi. Choyezera cha ku Ntaja sichingamuuze mlimi wa ku Utale za chinyezi cha m'munda mwake.

KODI MILIMITA IMODZI NCHIYANI?

Ambiri timamva pa wailesi kuti kwagwa mvula ya mamilimita akutiakuti, koma osadziwa tanthauzo lake. Nali: milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa hekitala imodzi, milimita imodziyo ndi malita 10,000. Tiyerekeze denga la tchalitchi lotalika mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Mvula ya mamilimita 25 ikagwa pa denga limeneli imatsitsa malita 5,000, ndiwo zigubu 250 za malita 20. Madzi onsewa amangothamangira kudambo pamene amayi akulawirira ku mjigo.

Alangizi a zaulimi kawirikawiri amalangiza kudikira mvula yokwana ngati mamilimita 25 m'masiku awiri kapena atatu tisanabzale, kuti dothi linyowe mpaka pansi. Munthu wopanda choyezera amangoganizira, koma wokhala nacho amadziwa.

YAMBANI NDI CHITINI

Choyezera choyamba sichilira ndalama. Pezani chitini chokhala ndi mbali zoongoka, chimene kukamwa kwake nkofanana ndi pansi pake, ndiponso rula ya mwana wa sukulu. Chikhazikeni choongoka pamwamba pa mtengo wozikika bwino, pa malo a poyera. Chitalikirane ndi nyumba kapena mtengo wa mango kawiri kapena kanayi kuposa msinkhu wa nyumbayo kapena mtengowo. M'mawa uliwonse nthawi ya 8 koloko, monga amachitira a zanyengo, yezani kuya kwa madzi, lembani m'kope, tayani madziwo. Tsiku limene sikudagwe mvula lembani 0, pakuti masiku ouma ndi ofunika kuwadziwa mofanana ndi masiku a mvula.

Ntchitoyi imaoneka yachabe sabata loyamba. Koma tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Kope lolembedwa mokhulupirika zaka khumi ndi chuma cha mudzi wonse.

KAKOMPYUTA KOKWANA M'DZANJA

Vuto la chitini nlakuti munthu amadwala, amapita ku maliro, amaiwala. Apa mpamene achinyamata athu ophunzira angathandize. M'chaka cha 2012 kagulu ka anthu a ku Cambridge, ku Mangalande, kotsogozedwa ndi Eben Upton, kadayamba kugulitsa kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi. Cholinga chao chidali chakuti ana aphunzire kulamula makina m'malo momangowaonerera. Kakompyutaka ndi kathabwa kamodzi kokha, kukula kwake ngati chiphaso cha unzika, ndipo panthawiyo kankagulidwa madola 35. Kamadya magetsi pang'ono zedi, kotero kuti sola yaing'ono ndi batire zimakwana kukayendetsa usana ndi usiku.

Kakompyutaka pakokha sikayeza kanthu. Kamafuna zipangizo zoikidwa panja: choyezera kutentha, choyezera chinyezi cha mumpweya, timakapu tozungulira toyeza liwiro la mphepo, muvi wosonyeza kumene mphepo ikuchokera, ndiponso choyezera mvula. Choyezera mvulachi nchochititsa chidwi. M'kati mwake muli timasupuni tiwiri tolumikizana ngati sikelo. Kamodzi kakadzaza kamapendekeka nkukhuthula madzi, kenaka kanzake nkuyamba kulandira. Kupendekeka kulikonse kumaimira kamvula kochepa, m'zoyezera zambiri gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, ndipo makina amangowerenga kuti kapendekeka kangati. Zipangizo zapanjazi zimatumiza ziwerengero ku kabokosi kokhala m'nyumba, ndipo kabokosiko nkamene kamalumikizidwa ku kakompyuta ndi chingwe cha USB.

Chotsala ndi pulogalamu yolandira ziwerengerozo ndi kuzisunga. Imodzi yodziwika ndi WeeWX, imene adaiyamba Tom Keffer wa ku America. Njaulere, ndipo aliyense ngololedwa kuona m'mene idalembedwera ndi kuisintha.

KAIKIDWE KAKE

Choyamba, musanagule chipangizo chilichonse, onani ngati dzina lake lili pa mndandanda wa zipangizo zimene pulogalamuyi imamvana nazo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: zipangizo zina zokongola m'maso sizilola kulumikizidwa ndi chingwe.

Chachiwiri, kakompyutaka kamasunga zonse pa kakhadi ka memori konga ka m'foni. Pa kakhadi kameneka mumalembapo Raspberry Pi OS, ndiyo pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, pogwiritsa ntchito kompyuta ina. Gulani khadi labwino, pakuti lotchipa silichedwa kufa.

Chachitatu, konzani nthawi. Sankhani dera lolembedwa kuti Africa/Blantyre. Dziwani kuti mitundu yambiri ya kakompyutaka ilibe wotchi yakeyake, imafunsa nthawi pa intaneti. Magetsi akathima kumene kulibe intaneti, kamadzuka kosadziwa tsiku, ndipo mvula ya Lachiwiri ingalembedwe pa tsiku lolakwika. Mankhwala ake ndi kawotchi kakang'ono kokhala ndi batire lake, kamene amakalumikiza pa kathabwako.

Chachinayi, tengani WeeWX pa intaneti potsata malangizo a eni ake. Poiika idzakufunsani mafunso angapo: dzina la malo, kumene malowo ali pa mapu, kukwera kwake kuchokera pa nyanja ya mchere, ndi mtundu wa chipangizo chanu. Balaka ali pafupi ndi madigiri 15 kummwera ndi madigiri 35 kuvuma, ndipo foni yamakono idzakuuzani manambala enieni a pakhomo panu. Musaiwale chizindikiro chochotsera patsogolo pa nambala ya kummwera. Mukachisiya, makina adzayesa kuti muli kumpoto, ku Sudan, ndipo adzasokoneza nthawi ya kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa. Sankhaninso miyezo ya mamilimita ndi madigiri a Celsius.

Chachisanu, uzani pulogalamuyo kuti chaka cha mvula chiziyamba mu Okotobala osati mu Januwale. Mukapanda kutero, idzadula dzinja lathu pakati, theka nkuliika chaka china, theka chaka china.

Zonse zikatheka, makinawo amalemba ziwerengero kawirikawiri mphindi zisanu zilizonse, ndipo amajambula mizere yosonyeza mvula, kutentha ndi mphepo za tsikulo, sabata, mwezi ndi chaka. Zimenezi mungazione pa foni. Pamenepo ana adzaona ndi maso ao kuti mwera umachokeradi kummwera chakuvuma m'miyezi yozizira, ndi kuti kutentha kumafika pachimake mvula ili pafupi.

ZOYENERA KUSAMALA

Adani a makinawa ndi anayi. Woyamba ndi kuthimathima kwa magetsi, kumene kumaononga kakhadi ka memori, ndipo nchifukwa chake batire nlofunika. Wachiwiri ndi tizilombo: akangaude, nyerere ndi mavu amakonda kumanga m'choyezera mvula, ndipo masamba amatseka kukamwa kwake. Chitsukeni mvula isanayambe ndipo muzichiyendera. Wachitatu ndi dzuwa: choyezera kutentha chikhale m'kanyumba kake koyera kopita mphepo, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, kutali ndi malata. Wachinayi ndi ulesi wa mwini. Koperani ziwerengero mwezi uliwonse ndi kuzisunga pena, ndipo chitini chija musachitaye ai, chikhale mboni yotsutsa makina akayamba kunama.

Tinenenso mosabisa kuti makinawa salosera. Amangonena zimene zachitika pakhomo panu. Namondwe amabadwira kutali pa nyanja ya India, ndipo amene amamuona akubwera ndi a zanyengo. Iwo akachenjeza pa wailesi kuti anthu asamuke m'malo otsika, samukani, ngakhale makina anu atakhala chete.

NTCHITO YA MPINGO

Zipangizo zapanja nzokwera mtengo kuposa kakompyutako, ndipo zimachokera kunja. Mabanja ambiri sangazikwanitse, makamaka chaka cha njala, ndipo palibe chifukwa chogulitsira mbuzi kaamba ka zimenezi. Koma chimene chikanika banja limodzi, mpingo ungachithe. Bwalo la tchalitchi kapena la sukulu ya mishoni ndi malo a poyera, otetezeka, ofikako anthu sabata ndi sabata. Achinyamata angasamale makina, amayi a Mvano angasunge kope, ndipo mlembi wa mpingo angawerenge mvula ya sabatalo pa nthawi ya zolengeza. Nyumba za mapemphero zakutali zingakhale ndi zitini zao, ziwerengero nkumasonkhanitsidwa. Nkwabwinonso kudziwitsa mlangizi wa zaulimi wa m'deralo kuti aone ngati choyezera chaikidwa moyenera.

Phindu la zolemba zotere laoneka kale. Kuyambira m'chaka cha 2015, alangizi a ku Balaka adayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa PICSA, yokonzedwa ku yunivesite ya Reading ku Mangalande. Ankakhala pansi ndi alimi nkuwaonetsa mvula ya zaka zambiri zapitazo, kuti alimiwo aone okha kuti mvula imayamba liti, imatha liti, ndi kuti ng'amba imabwera kangati. Atatero, mlimi aliyense ankasankha yekha: chimanga chocha msanga, mapira, nandolo, chinangwa kapena ziweto. Zonsezi zidatheka chifukwa anthu ena, amene maina ao sitiwadziwa, ankadzuka m'mawa uliwonse zaka makumi angapo kukayeza madzi ndi kulemba.

KODI NKUSOWA CHIKHULUPIRIRO?

Alipo abale ena amene angafunse ngati kuyeza mvula si kupikisana ndi Mulungu. Mvula ndi mphatso yake, ndipo palibe makina angagwetse ngakhale dontho limodzi. Koma taonani Eliya pa phiri la Karimeli: iye ankapemphera, komanso adatuma mnyamata wake kasanu ndi kawiri kukayang'ana kunyanja, mpaka kamtambo kadaoneka (1 Mafumu 18). Taonaninso Yosefe ku Ejipito: atadziwa za zaka za dzinthu ndi zaka za njala, adasonkhanitsa chakudya m'nkhokwe, napulumutsa mitundu ya anthu (Genesis 41). Pemphero ndi kupenyetsetsa zidayendera limodzi. Munthu wolemba mvula tsiku ndi tsiku amafika pa chikondwerero cha masika akudziwa bwino chimene akuyamikira.

Tsono inu makolo, musaone foni ndi kompyuta za ana anu ngati zoseweretsa chabe. Apatseni ntchito yothandiza banja. Ndipo inu achinyamata, musanyoze agogo akamanena za mitengo ndi mbalame. Lembani zonena zao m'kope lomwelo, pambali pa manambala anu, ndipo pakapita zaka mudzaone zimene zikugwirizana. Mvula ya chaka chino ikamayamba, ipeze chitini chili pa mtengo, rula ili pafupi, ndi kope lotsegula.