Za Bungwe Losunga Mbiri, ndi Ntchito Yotsalira kwa Maganga

Liwu lakuti "mbiri" lili ndi matanthauzo atatu m'chinenero chathu, ndipo mphunzitsi ayenera kuwasiyanitsa. Tikati "mbiri ya Achewa" tinena zinthu zimene zidachitika kale. Tikati "munthu uja ngwa mbiri" tinena kutchuka kwake, kokoma kapena koipa. Tikatinso "kwamveka mbiri kudooko" tinena nkhani yongowanda, yosadziwika mwini wake. Makolo sadalakwe potchula zitatuzi ndi liwu limodzi, pakuti nkhani yakale ikataya dzina la amene adainena, sichedwa kusanduka mphekesera. Bungwe losunga mbiri likhalapo chifukwa cha ichi: kuti nkhani isungike pamodzi ndi dzina la woinena, malo ake ndi nyengo yake.

M'dziko muno bungwe lotere lidayamba ku Blantyre mu 1946, dzina lake Nyasaland Society, ndipo dziko litalandira ufulu lidatchedwa Society of Malawi. Mu 1948 lidayamba kusindikiza magazini ake. Mabuku, zithunzi, mapu ndi makalata akale liwasunga m'chipinda cham'mwamba cha nyumba ya Mandala, imene idamangidwa mu 1882. Wina angafunse kuti, kodi boma silisunga makalata? Lisunga ndithu, ku Zomba. Koma mu 1919 moto udatentha ofesi yaikulu ya boma komweko, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba adapsa. Wosunga mbewu m'nkhokwe imodzi adziwa mantha ake.

Tiyamikire bungwelo, koma tinenenso zoona. Oliyambitsa ambiri adali Azungu, ndipo adalemba m'Chingerezi. W. H. J. Rangeley, bwanamkubwa wa chigawo, adafunsa nkhalamba zambiri za mbiri ya Ayao, ndipo zolemba zake zithandiza kufikira lero. Komatu chimene iye adamva m'chinenero cha eni ake adachilemba m'chinenero china, mawu enieni a nkhalambazo natsala panjira. Amene adatseka mpata umenewu adali antchito a mpingo onga inu. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglikani, adalemba Chiikala cha Wayao m'Chiyao, buku limene lidatuluka mu 1919. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adasonkhanitsa Mbiri ya Achewa kwa akuluakulu m'zaka za m'ma 1940. Iwowa sadakhale ndi nyumba yonga ya Mandala. Adali ndi cholembera, miyendo ndi khutu.

Tsono tiyang'ane kwa Maganga, m'boma la Salima, dziko la gombe la Senga, loyang'anana ndi zilumba za Maleri. Kumeneku mbiri ili pawiri. Achewa ndiwo akale m'mbali mwa nyanjayi, ndipo likulu la Kalonga lidali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene Yusuf Juwayeyi adakumba napeza mikanda, mkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Buku lake lidatuluka mu 2020. Ayao adafika m'zaka za m'ma 1800, ndipo ufumu wa Maganga ndi wao. Mukafunsa za masiku a nkhondo ndi ukapolo, nkhalamba ya Chichewa idzanena mwina, ya Chiyao mwina. Apa mphunzitsi ayesedwa. Mtima ufuna kusankha nkhani yokomera mtundu wake, kapena kusakaniza ziwirizo zikhale imodzi yosalala. Musatero. Lembani zonse ziwiri, iliyonse patsamba lake, ndi dzina la woinena. Ndipo inu akatekisiti, musalambalale khonde la shehe poganiza kuti si wa mpingo wanu. Iyenso asunga maina a makolo, ndipo popanda iye buku lanu lidzakhala la mbali imodzi ya mudzi.

Mbiri si ya mafumu okha. Msodzi wokalamba adziwa mwera, mpoto ndi vuma zisanaombe. Adziwa dzina la thanthwe lililonse ndi malo oponyapo chilimira. Akumbukira mmene mpasa zidakwerera mu Linthipe, ndi masiku amene ntchila zidali zochuluka, nsomba imene ana ambiri a lero sadailawe. Nyanjanso iyenda. Mu 2024 madzi adakwera kwambiri, namiza nyumba ndi madooko m'mbali mwake. Malo akamira, dzina lake likhala m'kamwa mwa anthu zaka zowerengeka, pambuyo pake lizimirira.

Kalembedwe kake nkotani? Apa galamala itithandiza. Nkhalamba ikati "ndidaona", inena za maso ake. Ikati "adandiuza amalume", inena za munthu wodziwika. Ikati "akuti" kapena "ati", yadzichotsapo yokha, ndipo sifuna kusenza mlandu wa nkhaniyo. Ophunzira ambiri achotsa timawu timeneti poti tichulukitsa chiganizo, osadziwa kuti pochita ichi asandutsa chongomva chikhale umboni. Tisiyeni mmene tiliri. Chimodzimodzi liwu lachilendo kwa inu: musalikonze, lembani monga mwamvera, tanthauzo lake pambali. Wonena Chiyao alembedwe m'Chiyao, kumasulira kudze pambuyo.

Chaka musachiumirize. Akuluakulu sawerenga nyengo ndi manambala, koma ndi zochitika, ndipo inu mukhoza kuikapo nambala pambuyo pake. Nkhondo ya Chiwaya ndiyo ya 1914 mpaka 1918. Njanji idafika ku Salima mu 1935. Njala yaikulu imene ambiri aikumbukira ndiyo ya 1949. Funsani kuti, "Kodi pamenepo n'kuti njanji itafika?" kapena, "Amayi anu n'kuti atatha msinkhu?" Chenjeraninso ndi maina a ufumu. Dzina lakuti Maganga, monga lakuti Kalonga, ndi la mpando, ndipo ambiri alowapo. Mukamva kuti "Maganga adachita chakuti", funsani kuti ndi uti, mwana wa mayi uti. Pakati pa Achewa ndi Ayao omwe, mbumba iwerengedwa kuchikazi, ndipo chifukwa chake amayi okalamba ndiwo adziwa bwino mzere wa obadwa. Ndaona ofunsa ambiri akhala pabwalo ndi amuna tsiku lonse, pamene woidziwa nkhaniyo ali kuseri akupeta mpunga.

Pali zina zimene simuyenera kulemba. Za kudambwe, za kujando ndi za kunsondo zili ndi eni ake. Gule Wamkulu adalandira ulemu wa UNESCO mu 2005, ndipo ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976, zambiri za miyambo zisonyezedwa poyera. Koma ichi sichipatsa mphunzitsi chilolezo chofukula chinsinsi cha mudzi umene akhalamo ngati mlendo. Nkhalamba ikati "izi nza kumeneko", tsekani buku. Ikaona kuti mudziwa malire, idzakuuzani zambiri mwa zololedwa.

Bungwe la pamudzi silifuna chuma chambiri. Aphunzitsi awiri kapena atatu, mkulu wa mpingo, mkulu wa mzikiti ndi nduna ya mfumu akwanira. Yambani mwapempha kwa mfumu, pakuti nkhani za malire ndi za ufumu zikhoza kudzutsa milandu, ndipo buku lolembedwa mobisa anthu adzaliopa. Lamya ya m'manja ijambula mawu bwino, koma iwonongeka, itayika, igulitsidwa. Chimene mwajambula chilembeni papepala sabata lomwelo. Mabuku akhale atatu, poti chiswe ndi mvula sizisankha: limodzi kwa mfumu, lina kusukulu, lachitatu litumizidwe kutali ndi nyanja, ku Mandala kapena ku Zomba.

Musanalitumize, bwererani kwa amene adakuuzani, mukhale pansi, muwawerengere zonse pang'onopang'ono. Adzakudulani mawu kawirikawiri, nati, "Iyayi, aphunzitsi, sindidatero ine." Konzani pomwepo iwo akuona, ndipo pansi pa tsambalo lembani dzina lao, mfunda wao, mudzi wao ndi tsiku limene mwawerenga.