Ndere ya M'madzi ndi Gulugufe wa pa Malalanje

Pa phunziro la lero tiyang'ana zamoyo ziwiri zimene mlimi wa dziwe la nsomba ndi mbande za malalanje amakhala nazo pafupi.

Choyamba ndi ndere yaing'ono kwambiri imene akatswiri amaitcha diatom. Tolani mwala m'madzi. Utoto woterera wofiirira umene uli pamwamba pake nthawi zambiri ndi ndere imeneyi, koma imodzi payokha simungaione popanda maikulosikopu. Thupi lake ndi selo imodzi yokha, yokhala m'chigoba cholimba ngati galasi, cha mbali ziwiri ngati mphika ndi chivundikiro chake. Siidya kanthu, imapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga chimanga. Pochulukana imangogawika pawiri. Mtundu wina wotchedwa Aulacoseira umalumikizana ngati mkanda, ndipo m'nyanja ya Malawi umachuluka mphepo ya mwera ikavundula madzi. Chambo chimadya ndere yotereyi. Makumba a m'dziwe lanu nawonso amadalira ndere, n'chifukwa chake timathira manyowa m'dziwe.

Chachiwiri ndi gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu, Papilio demodocus. Iye moyo wake uli ndi magawo anayi: dzira, mbozi, chikwa, kenako gulugufe. Gulugufeyo amangomwa timadzi ta m'maluwa. Wowononga ndi mbozi yake. Mazira amaikidwa limodzilimodzi pa masamba anthete a malalanje ndi mandimu. Mbozi ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, ndipo alimi ambiri amaidutsa osaizindikira. Ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo mukaikhudza imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha. Mtengo waukulu umapirira, koma mbande ya ku nazale imatha kutsala mitengo yokhayokha.

Vuto limabwera apa. Nazale zambiri timaziika pafupi ndi dziwe kuti kuthirira kusavute. Mukapopera mankhwala monga cypermethrin, mphepo kapena madzi otsukira sipuleya amatha kulowa m'dziwe, ndipo mankhwalawa amapha nsomba ngakhale atakhala ochepa. Ndere ija mudzakhala mwaisamalira pachabe.

Mbozizi sizichuluka ngati ntchemberezandonda, kotero kuzitola ndi manja n'kokwanira. Yenderani mbande kawiri pa sabata, mutembenuze masamba anthete, muchotse mazira ndi mbozi.

Ntchito ya gulu: aliyense apise mkono m'dziwe mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuonekabe bwinobwino, ndere ndi yochepa, onjezerani manyowa. Kenako werengani mbozi pa mbande 10 ndipo mulembe m'kope la gulu kuti tidzayerekeze sabata yamawa.