Kodi mumadziwa? Lamba wa m'nthiti mwa boti

Kodi mumadziwa kuti maboti aatali oyenda m'ngalande zakale za ku England amangokhala mamita 2.08 m'lifupi? Pa ngalande ya Huddersfield Narrow, zipinda zokwezera ndi kutsitsa maboti zilipo 74 pa mtunda wa makilomita 32, ndipo n'zopapatiza kwambiri moti boti likalowa, mpata wotsala ndi wa zala zingapo basi. Kukhula khoma lamiyala n'kosapeweka. N'chifukwa chake amisiri amawotcherera mizere yachitsulo yotumphuka m'nthiti mwa boti, kuti iyo iziperepeseka koma thupi la boti likhale bwino.

Ngalande yomweyi imaboola mapiri a Pennines kudzera m'phanga la Standedge, pakati pa Marsden ndi Diggle. Linatsegulidwa mu 1811, ndipo kutalika kwake kumaposa makilomita 5. Mulibe njira ya akavalo okoka maboti, choncho anthu ankagona chagada pabotipo n'kumakankha khoma ndi mapazi mpaka kutulukira tsidya linalo. Malo ena m'katimo ndi thanthwe losasalaza. Itakhala yotseka kwa nthawi, ngalandeyi inatsegulidwanso mu 2001.

Nanga mumadziwa kuti pa maboti ambiri a faiba lamba wamphira wa m'nthiti si wokongoletsa chabe? Pansi pake pali msoko pomwe thupi la boti limakumana ndi chivundikiro chake chapamwamba. Apa m'pamene eni maboti amalakwitsa. Amachotsa lamba kuti apake penti, penti n'kuwala bwinobwino, kenako lamba uja n'kubwezerapo mothamanga. Madzi amalowera m'mabowo akale, matabwa am'kati n'kuyamba kuwola mwakachetechete.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wapala zomatira zakale zonse. Mabowo amene akula amawatseka n'kuboola ena. Bowo lililonse amalithira zomatira zatsopano asanamange, ndipo zomangira zake zimakhala zachitsulo chosachita dzimbiri. Mphira wozizira ndi wouma, safuna kupinda pakona, ndiye amayamba wauviika m'madzi otentha kapena kuuwomba ndi mpweya wamoto, n'kumaukoka pang'onopang'ono uku akumanga. Ineyo ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi yofunika kuposa pentiyo, ngakhale kuti alendo amayamikira penti.

Thupi la boti lachitsulo nalo limapakidwa phula lakuda pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pamizere yotumphuka paja ndi pomwe phulalo limayambira kusupuka.

Ngalande ya Leeds and Liverpool inamalizidwa mu 1816 ndipo ndi yaitali makilomita 204. Pa Bingley, kufupi ndi Bradford, pali zipinda zisanu zotsatizana, zotsegulidwa mu 1774, zimene zimakweza boti mamita 18. Madzi akamakhuthukira m'chipinda amakankhira boti kukhoma mwamphamvu, choncho kuwonjezera pa mizere yachitsulo ija eni maboti amapachikanso zotchinjiriza zachingwe cholukidwa kumphuno ndi kumbuyo.