Makina aona chulu, koma sadziwa mwini munda

Mwezi watha ndinapita kwathu ku Nsaru chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Amalume akuti malire ndi chulu, asuweni athu akuti ndi mtengo wa mango. Bikoni ya simenti yomwe inali pakona inazulidwa kalekale.

Malo athuwa analembetsedwa nthawi ya Lilongwe Land Development Programme, yomwe inayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank. Malo a banja lonse, omwe ankawatcha ndunda, ankalembedwa m'dzina la munthu mmodzi woimira banja. Wathuyo anamwalira, ndipo palibe akudziwa komwe kuli mapepala.

Mnzanga wina woyeza malo anabwera ndi makina a laser oima pa miyendo itatu. Makinawa amazungulira n'kumaponya kuwala. Kukagunda chinthu kumabwerera, ndipo nthawi yomwe kwatenga ndiyo imawauza mtunda. Paliponse pomwe kwagunda pamalembedwa kadontho. Timadontho mamiliyoni tikaphatikizana, amati point cloud. Pa laputopu ndinaona mizere, chulu chija, ngakhale chigwembe chomwe chikudya munda chaka ndi chaka.

Amalume anayang'anitsitsa, kenako anafunsa: "Ndiye akuti munda ndi wa ndani?" Mnzanga anangoseka. Makina amayeza, saweruza.

Achinyamata anzanga, mafoni tili nawo. Agogo akadali moyo, yendani nawo m'malire, ajambuleni akuloza, amfumu ali pomwepo. Ife tinachedwa, pano nkhani yathu ili kwa a gulupu.